Kasinja wa T-72: kapangidwe kake, mbiri yake pa nkhondo ndi phunziro kwa dziko lino

Dedza, Mana: Kasinja wa mtundu wa T-72, yemwe adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1973, ndi mmodzi mwa akasinja omwe amenya nkhondo zambiri pa dziko lapansi, kuyambira ku Iraq ndi Chechnya mpaka ku Ukraine. Maiko angapo a mu Africa monga Angola, Uganda, Ethiopia, Nigeria ndi Democratic Republic of Congo adagulanso kasinjayu.

Gulu la asilikali a dziko lino la Malawi Defence Force limadalira kwambiri asilikali oyenda pansi komanso galimoto zankhondo za matayala. Pa chifukwa ichi, nthawi zina pamamveka funso lakuti kodi dziko lopanda akasinja akuluakulu lingakhale ndi chitetezo chokwanira.

Funsoli likukhudza akuluakulu a boma omwe amakonza ndondomeko ya chuma, oyang'anira misewu ndi milatho, ngakhalenso aphungu a komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo. Mbiri ya T-72 ikuonetsa kuti mphamvu ya kasinja imadalira malo omwe akuyendamo, mafuta, amisiri okonza ndiponso asilikali omuperekeza. Zimenezi zikasowa, kasinja amasanduka chikute cha chitsulo chomwe mdani amachiotcha mosavuta.

Chiyambi cha akasinja

Akasinja adaoneka koyamba pa bwalo la nkhondo pa 15 Sepitembala 1916 ku Somme m'dziko la France, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Adawapanga ndi Angerezi pofuna kudutsa maenje obisalamo asilikali ndi mipanda ya waya waminga, komwe anthu oyenda pansi amangothera ku mfuti za chiwaya.

Pa nthawi imeneyo asilikali a King's African Rifles ochokera kuno ku Nyasaland amamenyana ndi Ajeremani kum'mawa kwa Africa, akuyenda pansi ndipo katundu wawo akusenzedwa ndi amtengatenga. Chipilala cha ku Zomba chimakumbutsa za asilikali amenewa.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha m'chaka cha 1945, maiko adayamba kusiya mchitidwe wokhala ndi akasinja opepuka, apakati ndi olemera padera. M'malo mwake adafuna kasinja mmodzi wotha ntchito zonse, wokhala ndi mfuti yaikulu, chishango cholimba komanso liwiro. T-72 ali m'gulu limeneli limodzi ndi Leopard 2 wa ku Germany yemwe adatuluka mu 1979 ndi M1 Abrams wa ku America wa mu 1980.

Akatswiri opanga akasinja amalimbana ndi zinthu zitatu zomwe zimakokanakokana: mphamvu ya mfuti, kulimba kwa chishango ndi kayendedwe. Akachindikalitsa chishango, kasinja amalemera ndipo amafuna injini yaikulu ndi mafuta ambiri. Akamupepukitsa kuti azithamanga, zipolopolo za mdani zimamuboola msanga. Kasinja aliyense amasonyeza zomwe dziko lomwe lidamupanga lidasankha pa zinthu zitatuzi.

Momwe T-72 adapangidwira

T-72 adapangidwa pa fakitale ya Uralvagonzavod mumzinda wa Nizhny Tagil, m'dziko lomwe pa nthawiyo limatchedwa Soviet Union. Cholinga chidali kupanga kasinja wotsika mtengo, wosavuta kupanga ambirimbiri, komanso wamfupi kuti mdani azivutika kumuona. Akasinja a mtunduwu oposa 20,000 adapangidwa, ena mwa iwo ku Poland ndi ku Czechoslovakia.

Kasinja woyamba wa T-72 amalemera matani 41, kufanana ndi matumba 820 a chimanga a makilogalamu 50. Mitundu yapambuyo pake idafika matani 45 kapena kuposerapo pang'ono. Msinkhu wake ndi mamita awiri ndi pang'ono chabe.

Pamwamba pa thupi la kasinjayu pali mutu wozungulira womwe umanyamula mfuti yaikulu ya kamwa la mamilimita 125. Mfutiyi imaombera zipolopolo za mitundu itatu. Choyamba ndi muvi wachitsulo cholimba womwe umaboola kasinja mnzake chifukwa cha liwiro lake, lomwe limaposa mamita 1,600 pa sekondi imodzi. Chachiwiri ndi chipolopolo chomwe chikagunda chimatulutsa mkuwa wothamanga ngati singano ndi kuboola chitsulo. Chachitatu ndi bomba lophulika, lophwanyira nyumba ndi malinga. Mitundu ina ya T-72 imathanso kuponya mzinga wolondoleredwa kudzera m'mpope wa mfuti yomweyi.

Chomwe chidasiyanitsa T-72 ndi akasinja a maiko a azungu ndi makina olowetsa okha zipolopolo m'mfuti. Makinawa ali ngati lichero lozungulira lomwe lili pansi pa mutu wa kasinja, ndipo amasunga zipolopolo 22 ndi wonga wake. Chifukwa cha makinawa, mkati mumakhala anthu atatu okha: mkulu wa kasinja, woombera ndi dalaivala. Abrams ndi Leopard 2 amakhala ndi munthu wachinayi wolowetsa zipolopolo ndi manja.

Chishango cha kutsogolo chidapangidwa mosanjikiza zitsulo ndi zipangizo zina zosakhala chitsulo, ndipo chidapendekeka kuti chipolopolo chizivutika kulowa. M'zaka za m'ma 1980 adayamba kumata kunja kwake timabokosi tokhala ndi wonga totchedwa Kontakt. Chipolopolo chikagunda kabokosi kotere, kamaphulikira kunja ndi kuchepetsa mphamvu ya chipolopolocho chisadafike pa chishango chenicheni.

Injini yake ndi ya dizilo ya masilinda 12. Yoyamba idali ndi mahosipawa 780, ya T-72B idafika 840, ndipo yokonzedwanso ya T-72B3M ili ndi 1,130. Pa msewu wabwino kasinjayu amathamanga makilomita pafupifupi 60 pa ola. Amayenda pa matcheni ngati katapila, zomwe zimagawa kulemera kwake pa malo aakulu. Akamuika paipi yopumira injini, amatha kuwoloka mtsinje wakuya mamita 5 akuyenda pansi pa madzi.

Zofooka zomwe zidabwera ndi kapangidweka

Kufupika ndi kupepuka kwa T-72 kudabweretsa mavuto atatu omwe aonekera pa nkhondo zosiyanasiyana.

Vuto loyamba ndi lakuti asilikali amakhala pamwamba penipeni pa zipolopolo ndi wonga. Moto ukalowa mkati, zonse zimaphulika nthawi imodzi, mutu wa kasinja umaponyedwa m'mwamba ndipo kawirikawiri sipakhala wopulumuka. Pa Abrams, zipolopolo zambiri zimasungidwa m'chipinda chapadera kumbuyo kwa mutu, kuseri kwa chitseko chachitsulo, ndipo denga lake lidapangidwa kuti moto uzitulukira kunja.

Vuto lachiwiri ndi lakuti mfuti yake siitha kuweramira pansi kwambiri kapena kuloza m'mwamba kwambiri. Imawerama madigiri pafupifupi 6 ndi kukwera 14 okha. Pa chigwa chathyathyathya ili si vuto lalikulu, koma m'mapiri ndi m'mizinda ya nyumba zosanjikizana mdani amatha kukhala pamalo omwe mfutiyo siingafikepo.

Vuto lachitatu ndi liwiro lobwerera m'mbuyo, lomwe ndi makilomita pafupifupi 4 okha pa ola, ngati munthu woyenda pansi. Kasinja yemwe wagwa mu msampha amayenera kutembenuka kuti athawe, ndipo potero amaonetsa kwa mdani kumbuyo kwake komwe chishango ndi chopyapyala.

Akasinja a azungu adapewa ena mwa mavutowa koma adalemera kwambiri. Abrams wa masiku ano amaposa matani 65 ndipo injini yake ya mahosipawa 1,500, yomwe imagwira ntchito ngati ya ndege, imamwa mafuta kwadzaoneni.

Mbiri yake pa nkhondo

Pa nkhondo ya pakati pa Iraq ndi Iran, kuyambira 1980 mpaka 1988, T-72 adapanga dzina ngati kasinja woopsa. Dzinali lidaonongeka mu Febuluwale 1991 pomwe maiko ogwirizana motsogozedwa ndi America adathamangitsa Iraq m'dziko la Kuwait. Nkhondo ya pansi idatenga maola 100 okha.

Pa nkhondo za 73 Easting ndi Medina Ridge, pa 26 ndi 27 Febuluwale chakacho, akasinja a Abrams adaononga akasinja ambiri a Iraq. Abrams adali ndi zipangizo zoonera kutentha kwa injini ndi thupi la munthu, choncho amaona mdani usiku, mu utsi ndi m'fumbi, ndi kumuombera ali pa mtunda woposa makilomita awiri. Akasinja a Iraq adali a mtundu wogulitsa kunja, opanda zipangizo zotere, ndipo zipolopolo zawo zidali zachikale. Kusiyana kwa maphunziro a asilikali kudalinso kwakukulu.

Pa 31 Disembala 1994, asilikali a Russia adalowa mumzinda wa Grozny ku Chechnya ndi mizere ya akasinja a T-72 ndi T-80, popanda asilikali okwanira oyenda pansi m'mbali mwawo. Zigawenga zidabisala m'zipinda za pansi pa nthaka ndi pamwamba pa nyumba, ndipo zidaombera kasinja woyamba ndi womaliza pa mzere ndi mfuti zosenza paphewa za RPG-7. Otsalawo adasowa kolowera ndipo gulu lina lidataya pafupifupi galimoto zake zonse.

Mu 2020, pa nkhondo ya Nagorno-Karabakh, dera la mapiri, dziko la Azerbaijan lidaononga akasinja ambiri a T-72 a Armenia pogwiritsa ntchito ndege zopanda woyendetsa za Bayraktar TB2 zochokera ku Turkey.

Nkhondo yomwe idakula pa 24 Febuluwale 2022 pomwe Russia idalowa m'dziko la Ukraine yaona T-72 akumenyera mbali zonse ziwiri. Dziko la Poland lokha lidapereka akasinja a mtunduwu oposa 200 kwa Ukraine m'chaka chimenecho. Akasinja masauzande angapo aonongeka ndi mizinga ya Javelin ndi NLAW, mabomba okwirira pansi, komanso timadroni totsika mtengo tomwe timagwera pa denga la kasinja, pomwe chitsulo ndi chopyapyala. Asilikali adayamba kuwotcherera makola a zitsulo ndi waya pamwamba pa akasinja pofuna kudziteteza.

Ngakhale zili choncho, palibe dziko lalikulu lomwe lasiya akasinja. Podutsa malo omwe mdani wakhazikika molimba, kasinja akadali wofunika. Phunziro ndi lija akulu adanena kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Kasinja amapambana akamayenda limodzi ndi asilikali apansi, ochotsa mabomba, mizinga yakutali komanso chitetezo cha mlengalenga.

Zomwe zidachitika m'chigawo chino

Maiko oyandikana nafe monga Mozambique, Zambia ndi Tanzania adagula akasinja akale a mtundu wa T-54 ndi T-55 kapena ofanana nawo opangidwa ku China otchedwa Type 59. Amenewa ndi makolo a T-72, ndipo amalemera matani pafupifupi 36. Asilikali a Tanzania adagwiritsa ntchito akasinja pa nkhondo yomwe idachotsa Idi Amin, pomwe mzinda wa Kampala udalandidwa pa 11 Epulo 1979.

Nkhondo yaikulu ya akasinja kum'mwera kwa Africa idachitikira ku Angola mu 1987 ndi 1988, m'dera la Cuito Cuanavale. Pa mtsinje wa Lomba, pa 3 Okutobala 1987, galimoto za matayala za Ratel za South Africa, zomwe chishango chake ndi chopyapyala, zidaononga akasinja a Angola chifukwa m'tchire lowirira oyendetsa samaona patali ndipo nkhondo imachitikira pafupi kwambiri. Mu Malichi 1988 zinthu zidatembenuka pomwe akasinja atatu a Olifant a South Africa adasiyidwa atalowa m'munda wa mabomba okwirira pansi pafupi ndi Cuito Cuanavale.

Anthu a m'boma la Dedza adaionera pafupi nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, yomwe idayamba mu 1977 ndi kutha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Boma la Frelimo lidali ndi akasinja pomwe Renamo idalibe, koma akasinjawo sadathetse nkhondo. Zigawenga zimayenda usiku m'timagulu, kukwirira mabomba m'misewu ndi kuphwanya milatho, ndipo akasinja amangolondera matauni ndi misewu ikuluikulu.

Anthu oposa 1 miliyoni adathawira kuno ku Malawi, ndipo ambiri ochokera ku Angónia m'chigawo cha Tete adakhala m'midzi ya m'malire ku Dedza ndi ku Ntcheu pakati pa abale awo. Kuyambira mu 1987 asilikali a dziko lino adapita kukateteza njanji ya ku Nacala, ntchito yomwe imafuna olondera oyenda pansi. Mabomba okwirira adapitiriza kuvulaza anthu nkhondo itatha, mpaka mu Sepitembala 2015 pomwe Mozambique idalengeza kuti yamaliza kuchotsa mabomba m'malo onse odziwika.

T-72 weniweni adamveka kwambiri mu Africa mu Sepitembala 2008 pomwe achifwamba a panyanja a ku Somalia adagwira sitima ya MV Faina itanyamula akasinja 33 kuchokera ku Ukraine. Sitimayo idamasulidwa mu Febuluwale 2009 ndipo idakatsitsa katundu wake pa doko la Mombasa.

Kasinja atafika m'mapiri a Dedza

Dera la Dedza ndi chitsanzo chabwino poyeza ngati kasinja wa matani oposa 40 angathandize dziko lino. Tauni ya Dedza ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo phiri la Dedza limafika mamita 2,198. Kuzungulira deralo kuli mapiri a miyala monga Chongoni, nkhalango, makwawa ndi madambo.

Kuchokera ku Masasa kutsikira ku Golomoti, msewu wa Khwekhwerere umakhotakhota m'mbali mwa phompho. Pa msewu wotere akasinja angayende mondondozana basi, ndipo woyamba akaonongeka onse aima. Mdani wokhala pamwamba pa thanthwe akhoza kuona denga la kasinja pomwe mfuti ya kasinjayo siingathe kumuloza. Izi ndi zomwe zidachitika ku Grozny, kungoti kuno m'malo mwa nyumba zosanjikizana kuli miyala.

M'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, madambo omwe alimi amadzalamo mbatatesi ndi ndiwo zamasamba amadzaza madzi. Matcheni amathandiza pa matope ochepa, koma kasinja akatitimira mpaka pamimba amafuna kasinja wina wapadera womukoka. Timilatho tambiri ta m'misewu ya m'midzi tidamangidwira ngolo ndi malole a fetereza.

Pa msewu wa tala wa M1, matcheni amakumba phula ndipo nawonso amatha msanga. N'chifukwa chake pa ulendo wautali akasinja amanyamulidwa pa malole a ngolo zotsika. Malire a kulemera kwa galimoto ndi katundu wake omwe maiko a SADC adagwirizana ndi matani 56, ndipo ndi omwe masikelo a pa msewu monga a pa Balaka amatsata. T-72 pamodzi ndi lole yomunyamula angadutse malirewa, pomwe Abrams amawadutsa ali yekha.

Mtengo weniweni wa kasinja

Kwa okonza ndondomeko ya chuma, ndalama yogulira kasinja ndi chiyambi chabe. T-72 amanyamula malita pafupifupi 1,200 a dizilo omwe amamuyendetsa makilomita pafupifupi 500 pa msewu wabwino, kutanthauza malita oposa awiri pa kilomita iliyonse.

Gulu limodzi la akasinja m'kachitidwe ka Soviet Union limakhala ndi akasinja 31. Kuti gulu lotere liyende makilomita 85 kuchokera ku Dedza kukafika ku Lilongwe, pangafunike malita oposa 6,000, osawerengera malole a zipolopolo, a amisiri ndi a zakudya. M'tchire mafuta amatha mofulumira kuposa apa.

Dziko lino lilibe doko ndipo mafuta onse limaitanitsa kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam pogwiritsa ntchito ndalama zakunja. Zipangizo zosinthira, matcheni, mipope ya mfuti ndi zipolopolo nazonso ndi zogula kunja. Ndalama zomwezo ndi zomwe zimafunika pogula mankhwala a m'zipatala ndi fetereza. Dziko lomwe lagula akasinja koma likulephera kulipira maphunziro ndi kukonza limatsala ndi zitsulo zoonetsa pa perete.

Njira yomwe dziko lino latsata

Kwa zaka zambiri asilikali a dziko lino agwiritsa ntchito galimoto zankhondo za matayala monga Ferret ndi Fox za ku Britain ndi Eland za ku South Africa, ndipo pambuyo pake galimoto zoteteza asilikali ku mabomba okwirira pansi. Galimoto za mtundu womalizawu, zomwe chitsanzo chake chodziwika ndi Casspir, zili ndi mimba yosongoka ngati bwato, yomwe imakankhira mphamvu ya bomba m'mbali. Zimayenda zokha mtunda wautali pa msewu ndipo amakanika a malole amatha kuzikonza.

Galimoto zoterezi zimagwirizana ndi ntchito zomwe asilikali athu amagwira: kulondera malire, kuthandiza pa ngozi za madzi osefukira, kuteteza nkhalango monga ya Dzalanyama, ndi kusungitsa mtendere kunja.

Mu Malichi 2013 bungwe la United Nations lidakhazikitsa gulu lapadera lolimbana ndi zigawenga kum'mawa kwa DRC, lopangidwa ndi asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa. Mu Novembala chaka chomwecho gulu la M23 lidagonja. Asilikali a boma la DRC adagwiritsa ntchito akasinja pa nkhondoyi, koma m'mapiri a North Kivu adapita patsogolo chifukwa chothandizidwa ndi mizinga, mahelikopita ndi asilikali apansi.

Ntchitoyi yatayitsa miyoyo ya Amalawi. Mu Novembala 2018 asilikali 6 a dziko lino adaphedwa m'nkhalango pafupi ndi Beni, ndipo mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, adapatsidwa mendulo ya ulemu ya Captain Mbaye Diagne mu Meyi 2019 chifukwa chopulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania. Mu Januwale 2025 asilikali ena atatu adaphedwa pomwe M23 imayandikira mzinda wa Goma, ndipo mwezi wotsatira yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, adalamula kuti asilikali omwe adali pansi pa SADC ayambe kukonzekera kubwerera kumudzi.

Choncho pokambirana za zida za asilikali, mafunso oyenera kuyamba ndi akuti asilikaliwo akagwira ntchito yanji, m'malo otani, ndipo ndani adzalipire mafuta ndi zipangizo kwa zaka 20 zikubwerazo. Poyang'ana zomwe zachitika ku Ukraine, Nagorno-Karabakh ndi DRC, dziko la mapiri ndi chuma chochepa ngati lino lingapindule kwambiri poika ndalama zake pa galimoto zoteteza asilikali, zida zoombera akasinja, madroni ndi zida zowatchinga, mawailesi odalirika komanso maphunziro.